Afosholo Anakumba Masiku Asanu ndi Anayi

Dzina loti Afosholo analitenga akadali mnyamata, pomwe ankapakira mchenga m'malole kumtsinje. Lole ikachoka anzawo ankakagona pamthunzi, iwo n'kutsala akuunjika mulu wina, mpaka dalaivala wina anati, "Uyu si munthu, ndi fosholo yomera miyendo." Dzinalo linawakanirira. Atakwatira, apongozi ankawaitana choncho. Atamera imvi, ngakhale kapitawo wa kampani yokonza misewu komwe ankagwira ntchito ankalemba dzina lomwelo pamapepala.

Kukampaniko analowa ngati wopaka girizi, ndipo patapita zaka zinayi nkhalamba ina imene maso anali atayamba kuivuta inawakhazika pampando wa chimakina chokumba, chija cha mkono umodzi wautali ndi chidebe cha mano, choyenda pa matcheni. Pampando umenewo anakhalapo zaka makumi atatu. Phokoso la injini linawagonthetsa khutu lamanzere, moti polankhula nawo ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Koma dzanja anali nalo. Anzawo ankaponya chipewa pansi, iwo n'kuchitola ndi dzino limodzi la chidebe n'kuchikoleka pamtengo wa mpanda osachidetsa. Sankamwa mowa, sankalankhula zambiri. Akaweruka ankasamba m'manja ndi sopo wochapira mpaka katatu, koma girizi wa m'zikhadabo sankatha. Akazi awo, omwe ankagulitsa zovala zakaunjika pamsika, anasiya kalekale kudandaula za mapilo akuda.

Ana awo atatu anali atakula n'kupita kutali. Wapafupi amene anatsala anali mlongo wawo mmodzi yekhayo, wamng'ono, amene anamulera okha makolo atamwalira. Mlongoyu anakwatiwa ndi telala wina wolumala mwendo wakumanja, wovala nsapato imodzi yachidendene chachitali, munthu wapakamwa posatseka. Mlamu wawoyo akangowaona ankayamba: "Alamu, mwatibweretsera chiyani kuphatikiza pa fungo la dizilo?" Afosholo ankangomwetulira. Banjali linali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene atamaliza maphunziro n'kuyamba kuphunzitsa pasukulu ya kumunsi kwa tauni, amalume ake anasiya kumutchula china chilichonse koma Aphunzitsi.

Malo omangapo nyumba m'tauni anali atatha, ndipo anthu ankangokwera phiri, chaka chilichonse mzere wina wa malata pamwamba pa unzake. Zaka khumi ndi ziwiri nkhani ino isanachitike, atelala anapeza kamalo kumtunda kwenikweni, kotsetsereka moti mbale ukaiika pansi inkathawa. Kampani inali ikukonza msewu pafupi. Lamlungu lina kapitawo anatsinzina diso, Afosholo n'kukwera ndi chimakina, nadula phiri kuti pakhale posalala. Oyandikana nawo ataona anabwera kudzapempha nawonso, ndipo pomwe dzuwa linkalowa anali atasalaza malo asanu. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunatsala chikhoma cha dothi lofiira chotalika kuposa denga. Tsiku limenelo mlongo wawo anavina pabwalo latsopanolo, opanda ng'oma, opanda nyimbo.

Nkhani ya namondwe inayamba ngati nkhani ya eni ake. Wailesi ya mu ofesi ya kapitawo inkanena kuti kutali, m'nyanja yaikulu yamchere, madzi atentha kuposa zaka zonse, ndipo mphepo yayamba kuzungulira pamalo amodzi. Kapitawo anawaitana antchito nawaonetsa pafoni. Panali kanthu koyera kopotana ngati thovu la sopo m'beseni, pakati pali kadontho kakuda.

"Ili ndi diso lake," anatero kapitawo. "Kuchoka mbali iyi kufika mbali iyo, lole ingayende masiku awiri."

Afosholo, amene nyanja yamchere anali asanaionepo, anayang'ana kanthuko kwakanthawi n'kubwerera kukathira dizilo.

Mlungu woyamba a zanyengo anachenjeza mpaka mawu kusasa. Sukulu zinatsekedwa, anthu anasanjika miyala ndi matayala akutha pamadenga. Namondwe anafikadi pamtunda, koma kudziko la ena. Kumeneko anagwetsa zimene anagwetsa, mphamvu n'kumuthera, nabwerera kunyanja. Kwa Afosholo kunangowaza kamvula kosakwanira ndi kudzaza ndowa. Tauni yonse inaseka. Atelala anaimba foni: "Alamu, mlendo wanu uja wafika? Ndamusokera kale suti, abwere adzayese."

Mlungu wachiwiri wailesi inayambanso. Inati chinthu chija sichinafe, changokagona pa madzi otentha n'kumamwa, ndipo tsiku lililonse chikunenepa. Lachinayi inati chatembenuka. Lachisanu inati mphepo yake ikuthamanga kuposa galimoto iliyonse ya pamsewu, koma icho chikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wolemedwa ndi katundu, ndipo chikafika pamapiri chidzaima n'kukhuthula zonse zimene chasenza. Galimoto ya chimkuzamawu inazungulira m'makwalala kuuza okhala m'phiri ndi m'mbali mwa mitsinje kuti asamukire kusukulu. Anthu ankaiyankha ali pamakonde: "Tinamva kale sabata yatha!"

Mvula inayamba Lachisanu lomwelo masana. Sinali yamabingu, inkangogwa chiii, yosaleka, yosasintha liwu. Kapitawo analamula kuti makina onse awaimike pamalo okwera, antchito apite kwawo.

Loweruka masana Afosholo anavala majombo ndi chipepala chapulasitiki, nakwera phiri. Njira inali itasanduka ngalande. Anapeza atelala ali pamakina awo pafupi ndi windo, mulu wa mayunifomu a sukulu uli pampando, mlongo wawo akusokerera mabatani. Asanakhale pansi anazungulira kuseri kwa nyumba. Pachikhoma chofiira chija madzi sankangotsika kuchokera pamwamba. Ankatulukira pakati pa dothi lenilenilo, timabowo titatu, ndipo anali ofiira. Anapanikiza chala pakhomapo, chala chinalowa chonse. Pobwerera anaona kuti chitseko chakukhitchini chikukana kutsekeka, chikukhula pansi.

"Chitsekochi chayamba liti?" anafunsa.

"Lero m'mawa," anatero mlongo wawo. "Chatupa ndi chinyezi."

"Sichinatupe. Nyumba yapendekeka. Tengani zofunda, tipite kwathu."

Atelala anaimitsa phazi pa chopondera. "Alamu, mwayamba liti ulosi? Kampani yakuchotsani?"

"Sindikuseka, alamu. Dothi ili ndagwira nalo ntchito moyo wanga wonse. Lakhuta."

"Ngati lakhuta ligone. Inetu ndili ndi mayunifomu a ana a eni ake, Lachitatu akuwafuna. Makina awa ndiwasenza pamutu? Ndikawasiya, pobwera ndidzapeza akusokera kwa wakuba. Komanso mwendo uwu, pamatope amenewa, mukufuna ndikafike kumunsi ndikugubuduka ngati mgolo?"

"Ndikuberekani."

"Ha! Anthu adzati chiyani, telala wamkulu ali kumsana kwa mlamu wake ngati khanda?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Nyumbayi munaikonzera malo ndinu nomwe. Mukukayikira ntchito yanu?"

Afosholo anamwa tiyi amene anawapatsa, n'kuimirira. Mlongo wawo anawaperekeza mpaka pakhonde, atafunda nsalu kumutu.

"Achimwene, musadandaule. Mukuwadziwa alamu anu, pakamwa pokha. Ndiwanyengerera. Ikapanda kusiya, mawa tibwera."

"Tiye iwe lero. Iwo atsatira."

"Ndiwasiye okha ndi mwendo umenewu? Madzi omwe sangathe kutunga."

"Nanga mwana?"

"Ali kusukulu, awaitana kuti azikalandira osamuka. Iyeyo ali pabwino."

Anatsika phiri okha.

Lamlungu kunafika mphepo. Inkabwera mwamafunde, ikamveka kaye patali ngati sitima, kenako nyumba yonse n'kunjenjemera. Mitengo ya magetsi inagwa, mawaya ali pansi ngati zingwe zoyanikira. Malata awiri a chipinda chogona cha Afosholo anang'ambuka n'kuuluka, ndipo tsiku lonse linathera padenga, iwo akukhoma misomali, akazi awo akukapa madzi ndi beseni. Masana mlongo wawo anaimba foni nati ali bwino, alamu avomera, atsika mawa mphepo ikachepa. Atangotha kulankhula mafoni onse anafa.

Lolemba m'mawa mphepo inachepadi, koma mvula inawirikiza. Afosholo ananyamuka ndi chingwe chachikulu paphewa, poganiza kuti pena pafunika kumangirira alamu. Anadutsa pamsika, pomwe mabenchi anali akuyandama, nafika pamsewu wa m'tsinde mwa phiri cha m'ma teni koloko. Anthu ena ankatsika, mitolo ili pamutu, ana ali kumsana. Anayang'ana aliyense kumaso.

Choyamba anachimva ndi mapazi. Nthaka inagwedezeka ngati pamene lole yodzaza miyala ikudutsa pafupi. Kenako khutu lawo labwino linamva phokoso lofanana ndi malole zana akukhuthula miyala nthawi imodzi. Atakweza maso anaona mitengo ya pamwamba pa phiri ikuyenda. Inkatsika ili chiimire. Kumbuyo kwake phiri linatseguka chilonda chofiira, ndipo matope, madzi ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba zinatsika pamodzi. Mzere woyamba wa malata unangozimirira. Wachiwiri chimodzimodzi. Munthu wina anawakoka malaya, nathamangira kumbali, n'kugwera m'ngalande. Pomwe ankadzuka zinali zitatha. Sipanathe ndi mphindi zitatu zomwe.

Pamene panali nyumba mazana panali chimsewu chachikulu chamatope, chochokera pamwamba mpaka kumtsinje. Kwa kanthawi kunali zii. Kenako kulira kunayamba mbali zonse.

Anakwera m'mphepete mwa matopewo akugwa n'kudzuka, akuitana mlongo wawo. Pamene ankaganiza kuti ndi pa nyumba paja panali mwala waukulu ngati basi. Panalibe khoma, panalibe mtengo wa mapeyala umene unali pabwalo, panalibe chilichonse choti munthu n'kunena kuti apa ndi apa. Amuna ena anabwera ndi makasu. Afosholo analanda khasu kwa wina nayamba kukumba, koma akachotsa matope ena ankabwerera pomwepo ngati phala. Atakumba ola lathunthu, dzenje silinafike ndi m'chiuno momwe. Anaponya khasu pansi.

Kumalo a kampani kunali mtunda wa makilomita asanu ndi awiri. Anayenda wapansi, pena madzi akuwafika m'chifuwa. Kapitawo anamupeza mu ofesi, atakhala pa tebulo miyendo ili m'mwamba chifukwa pansi panali madzi.

"Kiyi," anatero Afosholo.

"Mabwana sindingawapeze, mafoni afa. Chimakina chimenechi chikakamira kumeneko, ine ndi inu tonse ntchito yatha."

"Phiri lagwa. Mlongo wanga ali pansi."

Kapitawo anawayang'ana, kuyambira kumutu mpaka kumajombo. Anatsegula kabati, nawapatsa kiyi, ndipo iye mwini anagubuduza migolo iwiri ya dizilo n'kuimangirira m'chidebe.

Chimakina chokumba sichithamanga. Munthu woyenda mofulumira amachipitirira. Panjira mlatho waung'ono unali utakokoloka, ndipo Afosholo anayamba adzaza chigwembecho ndi miyala kuti apeze powolokera. Mdima unawapeza asanamalize, nagona pampando pomwepo. Pa phiri anafika Lachiwiri m'mawa. Anthu atamva kulira kwa matcheni anathamangira kumsewu, amayi ena akugwada m'matope, aliyense akuloza kwake: "Kuno, bambo! Ana anga ali apa!" Pakati pawo panali Aphunzitsi, diresi ili matope okhaokha, nsapato alibe. Sanalire. Anakwera pa tcheni, nagwira chitseko, nakuwira kukhutu labwino lija.

"Amalume, amayi anabwera kwanu?"

"Ayi."

"Ndayang'ana m'makalasi monse. Kuchipatala ndapitako kawiri."

"Tsika, mwanawe. Ima poti ndizikuona."

Asilikali anali atafika. Mkulu wawo, munthu wamfupi wa mawu otsika, anauza Afosholo kuti ayambire kumunsi, kumene madenga ena ankaonekera, chifukwa ngati pali wamoyo ali kumeneko. Afosholo analoza kumtunda. Mkuluyo anapukusa mutu. "Kumtunda kukadali kofewa, mukamira. Ndipo kumeneko, bambo, ndikuuzeni zoona, kulibe woti n'kumupeza akupuma." Afosholo anamvera.

Chidebe chachitatu chinatuluka ndi munthu. Anakumba monga ankakumbira ngalande za msewu, mano n'kulowa mwakuya, ndipo pokweza anaona kuti mano amugwira bambo wina pamimba. Anali atafa kale, asilikali anatero, dzulo lomwe. Komabe Afosholo anazimitsa injini, natsika, nasanza kuseri kwa tcheni mpaka m'mimba munalibe kanthu. Kuyambira pamenepo anasintha kakumbidwe. Ankagoneka chidebe chafufumimba n'kumapala matope pang'onopang'ono, kuchindikala kwa chikhatho, asilikali awiri akuyang'ana kutsogolo kwa mano. Wina akakweza dzanja, mkono wachitsulo unkaima pomwepo, ndipo amuna ankalowa ndi makasu ndi manja.

Ola lililonse ankazimitsa injini kuti amvetsere. Mkulu wa asilikali ankaliza wezulo, ndipo anthu mazana ankakhala chete, amayi akutseka ana pakamwa. Afosholo ankadziwa kuti khutu lawo silingathandize, choncho ankangoyang'ana nkhope za anzawo. Lachitatu masana mtsikana wina anakuwa kuti wamva kugogoda. Anapala malo amenewo kwa maola awiri, nanyamula mtanda wa denga ndi dzino limodzi, pang'onopang'ono, asilikali akulowetsa matabwa pansi pake. Pansi pa malata panali bedi lachitsulo, ndipo pansi pa bedi panali mayi wina wogulitsa makala, miyendo yonse yothyoka, ali ndi supuni m'manja imene ankagogodera. Anthu anaombera m'manja, ena anaimba. Ameneyo anali woyamba kumupeza wamoyo, ndipo analinso womaliza.

Mvula inasiya Lachinayi. A wailesi anati namondwe wathera m'mapiri, watsala kamphepo chabe. Dzuwa linatuluka lowala bwino, ndipo ndi dzuwalo kunabwera fungo ndi ntchentche. Asilikali anagawa tinsalu totseka pamphuno. Opezeka ankawagoneka m'mbali mwa msewu, atawafunditsa makatani, mabulangete, chilichonse chimene chinalipo, ndipo abale ankadutsa akuvundukula kumaso. Aphunzitsi ankavundukula aliyense, kenako n'kuyang'ana kwa amalume ake n'kupukusa mutu, iwo n'kupitiriza. Akazi a Afosholo ankabwera masana ndi tiyi m'botolo ndi buledi. Tiyi ankamwa, buledi ankabwerera.

Tsiku lachisanu, akuthira dizilo, panafika bambo wina wowonda, maso ali psuu. Afosholo anamuzindikira. Anali mmodzi wa asanu aja amene anawasalazira malo. Tsiku limene phiri linagwa iye anali kuntchito yaulonda, koma mkazi ndi ana anayi anali m'nyumba.

"Ndinu amene munadula phirili," anatero bamboyo. Sanakweze mawu. "Ndikukukumbukirani. Munalidula ngati buledi."

Anthu anayamba kuyandikira. Wina anati, "Eya, ndi omwewa." Mkulu wa asilikali analowa pakati.

"Taonani kumtunda uko. Kumene kwayambira kugumuka n'kutali, pamwamba penipeni, kumene kulibe nyumba ndi imodzi yomwe. Mvula ya miyezi itatu yagwa masiku anayi. Ngakhale pakanapanda kudulidwa paliponse, likanatsika ndithu."

"Likanatsika," anatero bamboyo, "koma ife sitikanakhalapo. Popanda malo osalala ndikanamanga pati?"

Afosholo anatseka thanki, napukuta m'manja, nakwera. Madzulo ake akazi awo anawauza kuti asaziike kumtima, munthuyo chisoni chamusokoneza mutu, ndiponso anachita kudzapempha yekha. Iwo anati, "Anapemphadi. Koma amene ankadziwa dothi ndine."

Atelala anawapeza tsiku lachisanu ndi chimodzi, kutali ndi pamene panali nyumba, pafupifupi mapazi mazana atatu kumunsi. Msilikali anakweza dzanja ataona nsapato yachidendene chachitali. Afosholo anatsika, nakana kuti wina agwire khasu, nafukula ndi manja awo. Nkhope sinali yoti mwana n'kuiona, choncho anavula jekete lawo n'kuiphimba asanamuitane. Aphunzitsi anagwada, nagwira nsapatoyo ndi manja awiri, ndipo kulira kumene anakusunga masiku onse aja kunatuluka. Alamu anali atavala jekete lawo lopitira kutchalitchi, ndipo paphewa panali chikwama chokoleka, m'kati muli sizasi, tepi yoyezera ndi mankhwala awo a mwendo. Anali atakonzeka kutsika.

"Ndiye kuti amayi ali pafupi," anatero Aphunzitsi. "Sakanawasiya. Amalume, ali pompano."

Anapala mozungulira malo amenewo masiku atatu. Anapeza mutu wa makina osokera, wopindika. Anapeza mayunifomu ali m'thumba lapulasitiki, opindidwa bwino, ouma. Anapeza anthu ena khumi ndi mmodzi, pakati pawo ana awiri a mlonda uja. Mlondayo anawanyamula yekha mmodzimmodzi osayang'ana kuchimakina. Koma mlongo wawo sanaoneke.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunabweranso akuluakulu a zaumoyo. Anati matenda otsegula m'mimba ayamba kusukulu kumene anthu akukhala, madzi aipa, ndipo kufukula kuyenera kutha. Otsala pansi atsale. Mkulu wa asilikali anabwera yekha kudzawauza Afosholo, chipewa chili m'manja.

"Ndipatseni mawa lokha," anatero Afosholo.

"Dzulo munanenanso choncho, ndipo ndinakupatsani. Pali ntchito ina imene ndikukupemphani. Kuchipatala malo osungira mitembo atha, magetsi kulibe. Alipo makumi asanu ndi limodzi amene abale sanawazindikire, kapena abalewo ali pansi pano. Amuna a makasu atopa, manja ali zilonda zokhazokha."

Anayendetsa chimakina kupita kumanda a tauni, nakumba dzenje lalitali ngati kalasi ziwiri. Analikumba mosamala, makona ali chilili, pansi posalala, ngati pobwera woyeza ndi tepi. Lole za asilikali zitatsitsa, abusa ndi ashehe atapemphera, anthu anaponya dothi ndi manja, kenako onse anayang'ana kwa iwo. Anakwirira. Atelala okha anawaika padera tsiku lotsatira, m'bokosi lokhoma ndi matabwa a shelefu ya pamsika ya akazi awo, chifukwa mabokosi m'tauni anali atatha.

Kampani sinawachotse ntchito. Mabwana anabwera ndi wojambula, nawagwira chanza pafupi ndi chimakina, ndipo mlungu wotsatira anawatumiza kukakonza milatho. Ntchito inali yambiri kuposa kale lonse. Ankagwira monga mwa masiku onse, kungoti nthawi zina, mano akakhudza muzu kapena chisanza m'dothi, mkono wachitsulo unkaima m'malere, iwo ali duu, mpaka kapitawo abwere adzagogode pagalasi. Aphunzitsi anasamukira kwa amalume ake, m'chipinda chimene munali ana. Sukulu inatsegulidwa patatha miyezi iwiri. M'kalasi mwake munasowa ana khumi ndi atatu, ndipo mabenchi awo anawatulutsa kuti otsalawo asamawayang'ane.

Mtsinje unali utanyamula anthu ambiri kupita nawo kutali, ndipo madzi ataphwa anayamba kupezeka m'minda ndi m'mabango. Uthenga unkafika kudzera kupolisi. Ukangofika, Afosholo ankapempha tsiku kwa kapitawo, natenga Aphunzitsi, n'kukwera minibasi. Anapita kanayi. Ulendo wachisanu unali patatha miyezi isanu ndi iwiri, nthawi yotentha. Mlimi wina, makilomita makumi anayi kumunsi, anali akukumba chitsime mumchenga umene madzi anasiya m'munda mwake.

Anapeza wapolisi atakhala pansi pa mtengo, ndi mabanja ena awiri amene anabweranso ndi chiyembekezo chomwecho. Mafupa anali atawayala pa thumba la feteleza, pambali pali chidutswa cha diresi yamaluwa achikasu ndi ndolo imodzi. Anthu anapatsana moni motsitsa mawu, ngati odikira pa mzere wa kuchipatala. Aphunzitsi anatenga chidutswacho, nachitembenuza, nayang'ana msoko wake nthawi yaitali.

"Si kusoka kwa ababa uku," anatero. "Zovala zonse za amayi ankasoka ndi iwo. Iyi ndi yogula."

"Taonetsetsa."

"Ndaonetsetsa, amalume. Komanso amayi sanaboole makutu."

Mayi wina wachikulire wa banja lachiwiri anatola ndoloyo, naiika pachikhatho, nakhala pansi pamchenga pomwepo. Mafupawo anali a mpongozi wake. Mwamuna amene anabwera naye anali wodwaladwala, ndipo bokosi laling'ono limene wapolisi anabweretsa linamukanika. Afosholo anagwada, naika mafupawo m'bokosi limodzilimodzi, nalisenza paphewa mpaka kumsewu, mtunda wa theka la ola. Anadikira nawo mpaka galimoto yawo itabwera.

Ya Afosholo ndi Aphunzitsi inachedwa. Anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, fumbi likuwomba, Aphunzitsi akuyang'ana kumene kunachokera mtsinje.

"Akadzaitananso tidzapite?" anafunsa.

"Ukatopa udzatsale. Ine ndidzapita."

Minibasi inafika dzuwa litapendeka, yodzaza kale. Kondakitala anawapanikiza kumbuyo, pafupi ndi matumba a anyezi, ndipo anafika kunyumba akazi awo akuanula zovala pachingwe. Mayiwo anawayang'ana kumaso onse awiri, nalowa kukatenthetsa madzi osamba.